Kamba wa ana achoke m'munda mwathu

Alimi anzanga, n'zomvetsa chisoni kuti timagulitsa mtedza ndi soya motchipa kwa mavenda, ndalamayo n'kugulira ana tizakudya ta m'mapaketi todzaza mchere ndi shuga. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi adali opinimbira. Chonsecho chakudya chabwino timalima tokha.

Futali wa mbatata yofiira m'kati amapatsa mwana vitamini A. Zitumbuwa za nthochi ndi chigumu chosakaniza ufa wa soya n'zokwanira kutengera kusukulu.

Pophika tiitane ana, anyamata ndi atsikana omwe. Asambe m'manja, asankhe mtedza n'kutaya wachuku, akanye nthochi. Pamoto ndi mafuta otentha pakhale wamkulu. Kuongola mtengo n'poyamba. Chaka chino tisagulitse zonse, tisungeko za ana athu.