Chizungu cha "bwerani mawa"

Anzanga a pamsika, sabata ino tikambe za Chizungu, koma Chizungu chake chodya mpamba.

Mwezi wathawu mayi wina wogulitsa kaunjika, amene timayandikana benchi, anandibweretsera kalata yochokera kumene anatenga ngongole. Nkhope ili mwee! "Achimwene, tawerengani, andikhululukira."

Nditawerenga ndinapezamo mawu oti "extended". Ndinati pepani mayi, apa chikhululuko palibe. Angokuwonjezerani miyezi yobwezera, koma chiongoladzanja sichigona tulo ayi. Tiyerekeze mwatsala ndi K100,000, ndipo pa K100 iliyonse amadula K5 pamwezi. Miyezi 6 yowonjezerayo ndi K30,000 ina. Mabelo angati amenewo muphwanye kuti muipeze?

Azungu ali ndi mawu ambirimbiri ochedwetsera zinthu, ndipo sikuti ndi amodzi. Aliwonse ali ndi mtengo wake.

"Extend" ndi kukoka chinthu kuti chitalike, ngati mmene mumakokera mphira pomanga katundu panjinga. "Prolong" ndi mng'ono wake, koma kawirikawiri amanenera chinthu chimene chikanayenera kutha kale, monga mkangano kapena matenda.

"Postpone" ndi kusuntha tsiku, koma chinthucho chidzachitikabe. Akuluakulu mukukumbuka riferendamu ya 1993. Poyamba inaikidwa pa 15 Marichi, kenako anaisunthira pa 14 Juni. Anthu tinadandaula, koma tsiku linalipo, ndipo litakwana tinakavotera matipate. Kuchedwa kotereku munthu umapirira chifukwa ukudziwa pothera.

"Adjourn" mumawamva kukhoti. M'kati mwake muli "jour", limene pa Chifalansa ndi tsiku. Ndiye woweruza akaimitsa mlandu, tcherani khutu mumve tsiku lobwereranso. Koma mukamva akuwonjezera kuti "sine die", chimenecho ndi Chilatini, kutanthauza kuti popanda tsiku. Pamenepo katundu wanu wolandidwa uja akhoza kuwolera kusitolo ya umboni.

Tsono mfiti yaikulu ndi "pending". Gwero lake ndi mawu a Chilatini otanthauza kulendewera. Ine ndinalembapo kalata ku ofesi ina yopempha malo okhazikika ogulitsira. Mwezi ndi mwezi ndinkatseka benchi, kulipira minibasi, kukafika kumeneko yankho n'kukhala lomwelo: "Bambo, fayilo yanu ili pending." Ineyo n'kumagwedeza mutu ngati ndamva zaulemu, osadziwa kuti akundiuza kuti yapachikidwa padenga ngati chimanga cha mbewu. Chimanga bola, dzinja likafika amachitsitsa.

Koma tisangoloza anzathu chala. Palinso "procrastinate", ndipo ameneyu ndi wathuwathu. "Cras" pa Chilatini ndi mawa. Ndi munthu uja amati chiphaso ndikalipira mawa, buku la ngongole ndilemba mawa, wokongola tomato ndikamulonjerera mawa. Makolo athu anamudziwa kalekale, n'chifukwa chake anati zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ndiye mukalandira kalata kapena yankho lokhala ndi mawu amenewa, musathamangire kuwomba m'manja, musathamangirenso kulira. Funsani mafunso awiri okha: mpaka liti, ndipo kudikirako alipire ndani? Akatchula tsiku, auzeni alembe papepala n'kudinda. Akayamba kuzungulira ngati minibasi yosaka anthu, dziwani kuti mwapachikidwa. Ndipo ngati Chizungucho chakukulirani, nenani kuti akufotokozereni m'Chichewa. Ndalamazo ndi zanu, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mayi wa kaunjika uja anabwerera kukafunsa. Atamuwerengera zonse, anakana miyezi yowonjezerayo. Anagulitsa belo limodzi motchipa n'kutseka ngongoleyo pa nthawi yake. Pano akundiseka kuti fayilo yanga ikadali padenga.

Tikumane sabata yamawa. Tsiku ndatchula, si "pending" ayi.