Chingerezi cha ku Yunivesite: Vuto ndi Chinenero Kapena Kaphunzitsidwe?

Wophunzira aliyense wosankhidwa kupita ku yunivesite ya boma m'Malawi muno amakhala atakhoza Chingerezi. Ukalephera phunziroli, satifiketi ya MSCE suiona, ndipo bungwe la NCHE silingakusankhe ngati pa makirediti ako 6 palibe ya Chingerezi. Komabe chaka ndi chaka aphunzitsi a m'mayunivesite amadandaula kuti ophunzira atsopano akulephera kulemba asayimenti yomveka, akutha sabata yonse pa mutu umodzi wa buku, ndipo akawaimika pamaso pa anzawo mawu amawathawa. Ena amalemba masapu, ena amachotsedwa sukulu chaka choyamba chomwecho. Nanga pakulakwika ndi pati?

Pali gulu lomwe likuti ana athu amachedwa kuchizolowera Chingerezi. Kuyambira mu 1968, pamene Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chinenero cha fuko, ana a Sitandade 1 mpaka 4 ankaphunzira m'Chichewa, ndipo Chingerezi chinkayamba kugwiritsidwa ntchito pophunzitsira mu Sitandade 5. Gululi limati m'mera m'poyamba: mwana amene wayamba mochedwa adzavutika mpaka ku koleji. Maganizo amenewa ndi omwe analowa m'lamulo la zamaphunziro la 2013, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Makolo ambiri amavomereza, n'chifukwa chake amadzimana kuti alipirire ana awo sukulu za pulaiveti.

Mfundo yawoyi si yoitaya. Mabuku a zaudokotala, zamalamulo ndi zaumisiri ali m'Chingerezi. Wofuna kukaphunzira ku Britain kawirikawiri amafunsidwa mayeso a IELTS. Mwana wa ku CDSS ya kumudzi, amene Chingerezi amachimva m'kalasi mokha, amafika ku koleji ali ndi mawu ochepa poyerekeza ndi mnzake wokulira pakhomo pomwe pali mabuku ndi manyuzipepala. Kusiyana kumeneku kulipodi, ndipo kumapweteka mwana wosauka.

Gulu lina likuti nkhani si imeneyo. Iwo amaloza ana olankhula Chingerezi chothyakuka omwe amagwanso akauzidwa kulemba. Kucheza ndi kwina, kulemba za maphunziro apamwamba ndi kwinanso. Kumeneko munthu amafunika kunena mfundo yake poyera, kuiikira umboni, kutchula amene anayamba kulemba zimenezo, kuyankha otsutsa, kenako n'kumanga nkhani. Lusoli palibe amabadwa nalo, ngakhale mwana wa ku London amachita kuphunzitsidwa. Vuto n'lakuti ku sekondale ana ambiri amazolowera kukopera manotsi pabolodi, kuwaloweza, n'kukawabweza pa mayeso. Kuchuluka kwa ana m'kalasi kumawonjezera vutoli. Maphunziro a pulayimale atakhala aulere mu 1994, chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pa 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Mphunzitsi wa ana oposa 100 sangathe kuchonga chimangirizo cha aliyense sabata iliyonse, choncho ana amakula osalemba.

Gululi limakumbutsanso kuti kuyambira mu 1953 bungwe la UNESCO lakhala likunena kuti mwana amaphunzira bwino kuwerenga m'chinenero chimene amachidziwa. Amene wadziwa kuwerenga momvetsa m'Chichewa kapena m'Chitumbuka amasamutsira lusolo ku Chingerezi. Amene wangoyamba ndi Chingerezi chomwe sakuchimva amaphunzira kutchula mawu osadziwa tanthauzo, ndipo chizolowezi chimenecho ndi mbewu ya kuloweza.

Tikaika mbali ziwirizi pa sikelo, yoyamba ikunena zoona kuti mwana amafunika kumva ndi kuwerenga Chingerezi chochuluka. Yachiwiri nayo iyenera kuvomereza kuti mabuku a sayansi a m'zinenero zathu sanachuluke, ndipo womaliza digiri adzalemba kafukufuku wake m'Chingerezi basi. Koma pa funso la chimene chikugwetsa ophunzira ku yunivesite, ine ndikuona kuti yachiwiri yalemera. Kuwonjezera zaka za Chingerezi popanda kusintha kaphunzitsidwe kudzangotipatsa ana oloweza m'Chingerezi.

Mayunivesite athu ali ndi phunziro la chinenero ndi kalankhulidwe m'chaka choyamba, ndipo ndi lofunika. Kungoti ophunzira amadzadza holo, phunzirolo limatha msanga, ndipo aphunzitsi ena a maphunziro enawo amaona ngati kalembedwe si ntchito yawo. Wophunzira wosowa pogwira amathawira kukopera za pa intaneti kapena kulembetsa ku ChatGPT, n'kupeza malikisi koma luso osalipeza. Mayunivesite ena a ku South Africa, monga ya Cape Town, ali ndi malo omwe wophunzira amapita ndi zimene walemba n'kukhala pansi ndi mlangizi asanazipereke. Ife tingayambe zotere pogwiritsa ntchito ophunzira a masitazi ndi chipinda chimodzi cha mu laibulale.

Wophunzira naye ali ndi mbali yake. Asanalembe aone chimene funso likufuna, chifukwa kufotokoza, kuyerekeza ndi kuunika ndi ntchito zitatu zosiyana. Ndime iliyonse inyamule mfundo imodzi ndi umboni wake, ndipo zolemba zoyamba azipereke kwa mnzake kuti aloze posamveka. Powerenga, ayambe waona mitu ndi mawu omaliza, kenako atseke buku n'kulemba zimene wamva m'mawu akeake. Pa gulu la disikashoni asachite manyazi kutambasula mfundo yovuta m'chinenero cha kwawo, bola pomaliza aliyense aime n'kuifotokoza m'Chingerezi kwa mphindi zingapo osayang'ana pepala. Mantha olankhula pagulu amatha ndi kulankhula komweko.

Choncho unduna uonetsetse kuti ana a ku sekondale akulemba, akuwerenga mabuku athunthu ndiponso akuchita mitsutso. Mphunzitsi wa zaulimi, zachuma kapena zaumoyo adziwe kuti kuphunzitsa kalembedwe ka phunziro lake ndi udindo wake. Ndipo inu ophunzira, musadikire kuti zonsezi zikonzedwe: lembani tsamba limodzi sabata ino, mulipereke kwa wina akuchongereni, mulilembenso.