Khomo la sukulu ndi lotsekula, nanga khanda litsala ndi yani?

LILONGWE – Papita zaka zoposa 30 chikhazikitsireni boma ndondomeko yolola mtsikana amene watenga pathupi ali pasukulu kubwereranso m'kalasi akabereka. Ndondomekoyi idayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1993 ndipo idaunikidwanso mu 2006 ndi mu 2018. Koma m'madera a kumidzi monga kwa mfumu yaikulu Kabudula, kumpoto chakuzambwe kwa mzinda wa Lilongwe, chimene chimaimitsa mitu makolo ndi aphunzitsi si lamulo ayi. Nkhani yagona pakuti mtsikanayo akanyamula makope m'mawa, khanda litsala m'manja mwa yani, nanga ndalama ya sopo, yunifolomu ndi ufa wa phala ichokera kuti.

Chisanafike chaka cha 1993, mtsikana wopezeka ndi pakati ankachotsedwa sukulu kotheratu. Kusintha kudadza pa nthawi ya ntchito ya GABLE, imene boma linkagwira mothandizidwa ndi bungwe la USAID pofuna kukweza maphunziro a atsikana. Malamulo oyambawo adati mtsikana apume chaka chimodzi, ndipo mwayi wobwererawo unkaperekedwa kamodzi kokha. Adatinso mnyamata wopereka pathupipo, ngati naye ndi mwana wasukulu, apumenso chaka chimodzi.

Mbali ya mnyamatayi ndi imene yakhala ikuvuta kutsata. Pathupi pamaonekera pa mtsikana basi. Mnyamata akakana, kapena makolo ake akamusamutsira kusukulu ina, nkhani imakathera kubwalo la anyakwawa, chindapusa n'kuperekedwa, aliyense n'kubwerera kwawo. Komanso amene amapereka mimbazi kawirikawiri sakhala ana asukulu, koma amuna akuluakulu amene kaundula wa mphunzitsi wamkulu sawakhudza.

Vutoli silikuchepa. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu amene ofesi ya National Statistical Office idachita mu 2010 adapeza kuti atsikana 26 mwa 100 aliwonse a zaka zapakati pa 15 ndi 19 adali atabereka kapena adali oyembekezera. Mu 2015 ndi 2016 chiwerengerochi chidakwera kufika pa 29 mwa 100 aliwonse. Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa Marichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, kauniuni wa boma adapeza kuti atsikana pafupifupi 40,000 adatenga pathupi ndipo ana pafupifupi 13,000 adalowa m'banja m'miyezi yochepa chabe. Izi zidachitika ngakhale Nyumba ya Malamulo idali itakhazikitsa kale lamulo la maukwati la 2015, n'kusinthanso malamulo oyendetsera dziko mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18.

Kuti munthu amvetse chifukwa chake atsikana ambiri sabwerera, ndi bwino kuona tsiku limodzi la mayi wachichepere wa kwa Kabudula, ku Nsaru kapena ku Nambuma. Ana ambiri a m'maderawa amene akhoza mayeso a Sitandade 8 amasankhidwira kusukulu za sekondale zoyendera, ndipo ena amachokera kutali, wapansi kapena panjinga. Mtsikana wopanda mwana akhoza kuchita lendi kachipinda pafupi ndi sukulu, ngakhale kuti tizipinda timeneti ndi timenenso taika atsikana ambiri m'mavuto. Woyamwitsa sangathe kutero mosavuta. Achipatala amalangiza kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi kupitiriza mpaka mwana atakwana zaka ziwiri. Chaka chopuma chija chikatha, mwana amakhala asanaleke bere.

Amene amatsala ndi mwanayo ndi agogo ake akuchikazi. Pachikhalidwe cha Achewa izi si zachilendo, popeza mwana ndi wa kuchimayi ndipo mbumba ili ndi mwini wake. Koma agogo amenewa sakhala nkhalamba yongokhala pakhonde. Kawirikawiri amakhala mayi wa zaka za m'ma 30 kapena 40, amene naye ali ndi ana ang'onoang'ono, munda wa chimanga, mtedza ndi fodya, komanso dimba. Teremu yachiwiri ya sukulu imagwa m'miyezi ya Januwale mpaka Marichi, pamene ntchito ya kupalira, kubandira ndi kuthyola fodya yafika pampondachimera, nkhokwe zapepuka, ndipo mabanja ambiri akudalira ganyu. Nyengo imeneyi ndi imene mtsikana wobwerera kusukulu amayamba kujomba, lero tsiku limodzi, mawa sabata yathunthu, kenaka osaonekanso.

Sukulu za mkombaphala, zimene zili pansi pa unduna woona za amayi ndi ana, zikadathandiza, koma zambiri zimalandira ana a zaka zitatu mpaka zisanu. Khanda la chaka chimodzi lilibe malo kumeneko.

Palinso manyazi. Mtsikana amabwerera m'kalasi momwe anzake adapita patsogolo, ndipo ena, ngakhale aphunzitsi amene, amamutchula ntchembere pagulu. Magulu a amayi a Mother Group, amene amapezeka m'sukulu zambiri za pulayimale, agwira ntchito yaikulu yoyendera makolo ndi kulimbikitsa atsikana otere. Mafumu nawo achitapo kanthu, potsatira chitsanzo cha malemu mfumu yaikulu Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene idatchuka m'dziko muno ndi kunja komwe pothetsa maukwati a ana ndi kuwabweza kusukulu. Komabe amayi a m'maguluwa ndi ongodzipereka. Ali ndi mawu olimbikitsa, koma thumba lawo ndi la mandasi ndi dimba la gulu.

Umboni wakuti ndalama yochepa imasintha zinthu ulipo, ndipo ndi wa konkuno. M'zaka za 2008 ndi 2009, akatswiri ogwira ntchito ndi banki yaikulu ya World Bank adayesa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa ndi makolo awo m'boma la Zomba. Pakati pa atsikana amene adali atasiya kale sukulu, amene adalandira ndalamazo pa mfundo yakuti azipita kusukulu adabwerera ochuluka kwambiri poyerekeza ndi amene sadalandire, ndipo ochepa mwa iwo adathamangira banja. Patapita zaka, ofufuzawo adapeza kuti phindu lidakhalitsa kwambiri pa gulu lomweli la osiya sukulu.

Boma lili kale ndi njira yoperekera ndalama zotere. Ntchito ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira m'boma loyandikana nalo la Mchinji mu 2006 ndipo pano idafika m'maboma onse, imapereka ndalama yapadera pa mwana aliyense amene ali pasukulu. Koma ntchitoyi idapangidwira mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu zogwirira ntchito, monga a okalamba, odwaladwala ndi ana amasiye. Banja la mlimi wamphamvu zake, limene mwana wawo wa Fomu 2 wabereka, nthawi zambiri silikwanira m'muyeso umenewo, ngakhale kuti pakhomopo pawonjezeka kamwa ina ndipo manja awiri achoka m'munda.

Pa nkhani ya fizi boma layendapo ndithu. Maphunziro a pulayimale ndi aulere kuyambira 1994, mu 2018 lidachotsa ndalama ya tuition m'sukulu zake za sekondale, ndipo mu 2025 Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza zakuti maphunziro a sekondale m'sukulu za boma akhala aulere kuyambira Januwale 2026. Zimenezi zipepukitsa katundu wa mwana aliyense. Kwa mayi wachichepere, fizi ndi kagawo chabe ka mtolo wake.

Poyerekeza ndi maiko oyandikana nawo, dziko la Malawi lidatsogola. Zambia idakhazikitsa ndondomeko yake mu 1997. Mozambique idafika mu 2018 isanathetse lamulo lotumiza atsikana oyembekezera kumakalasi a usiku, pamene Tanzania idawatsekulira khomo mu 2021. Kutsogola polemba lamulo n'kofunika, koma ndondomeko ya 1993 idabadwa ngati chilolezo, osati ngati thandizo, ndipo m'zaka zonsezi mtolo wolera khanda wakhala uli pamutu pa banja lokha.

Pali malo amodzi amene boma limakumana ndi pafupifupi mtsikana aliyense wotere popanda kumufunafuna. Amenewa ndi kusikelo. Woyembekezera wa zaka 16 wa kwa Kabudula amakalembetsa kuchipatala cha Kabudula kapena pachipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwawo, wa ku Namitete amafika ku St Gabriel's, ndipo akabereka amaonana ndi mlangizi wa zaumoyo mwezi uliwonse pokakweza mwana sikelo. Anamwino akadamafunsa mtsikanayo kalasi imene adalekezera, ndipo iye atavomera uthengawo n'kufika kwa mlangizi wa maphunziro wa m'zoni ndi kuofesi yosamalira anthu ya khonsolo ya Lilongwe, mphunzitsi wamkulu sakadadikira kuti mwana wamanyazi abwere yekha kudzagogoda. Khonsolo nayo ikadadziwa kuti chaka chino kwa Kabudula kuli atsikana angati ofunika kubwerera, ali m'makalasi ati, ndipo ndi angati amene alibe wowasungira mwana m'mawa.