Za Nchito za Manja: Kusintha Mabering'i a Mphanda ya Njinga Yamoto

Mvula yatha, misewu yauma, ndipo ino ndiyo nyengo yakuti yense wakukhala ndi njinga yamoto aiyang'ane kunsi. Pakuti njinga imeneyi siili ya anyamata a kabaza okha ai. Ndiyo itengera chimanga ku chigayo, ndiyonso ithamangira ku chipatala usiku ndi mai wodwala. Tsono mwezi uno tinene za malo amodzi amene ambiri sawakumbukira konse kufikira tsiku lakugwa.

Gudumu la kumbuyo ligwidwa ndi chitsulo cha mphanda, chimene amakaniko achitcha swingarm. Mphandayo imangidwa ku thupi la njinga ndi bauti imodzi yaitali, kumbuyo kwa injini, ndipo iyenera kukwera ndi kutsika pamenepo, koma kupita kumanzere kapena kumanja ai. Oiletsa kutero ndiwo mabering'i awiri, ina mbali ino, ina mbali iyo. Njinga zazing'ono, monga Honda CG125 imene inayamba kupangidwa mu 1975, ndi zina zambiri zakutsanza mapangidwe ache, zikhala kawirikawiri ndi mabushi a mphira kapena a pulasitiki. Zazikulu za m'tchire zikhala ndi mabering'i a tizitsulo tating'ono tonga masingano. Mdani wa onsewo ndiye madzi ndi matope. Iwo amene alowetsa njinga mumtsinje kuti aitsuke, naikonda ikamang'anima, sadziwa kuti achotsa girisi nalowetsa mchenga.

Kuyesa kwache nkwapafupi. Imikani njinga kuti gudumu la kumbuyo lilendewere, mnzanu aigwire zolimba, ndipo inu gwirani nsonga za mphanda ndi kuzikankhira uku ndi uko. Mukamva kugogoda kapena kuona mphanda irikusuntha pa bauti paja, mabering'i atha. Mugwire mphanda yeniyeniyo, osati tayala, kuti mungasokoneze ndi mabering'i a gudumu. Njinga yotere ivina pokhota, idya tayala mbali imodzi, ndipo tcheni chache chigwa kawirikawiri. Wakuzengereza adzapeza kuti bowo la mphanda lakula, ndipo m'malo mwa kugula tizinthu tiwiri adzagula mphanda yonse.

Poyamba nchito, tsamiritsani injini pa chipika cholimba. Chotsani gudumu, tcheni, ndodo ya buleki ndi mashoko, nimuike zonse pa thumba loyera mwa dongosolo lomwe zinachokera. Mawashala ndi tizivundikiro ta m'mbali musataye, pakuti kamodzi kakasowa nchito yonse yapita pachabe.

Bauti yaitali ija ndiyo ivuta. Kawirikawiri igwirana ndi dzimbiri, ndipo apa ndipo anthu ambiri aonongera njinga zao. Munthu akwiya, natenga nyundo yaikulu, namenya pa nsonga kufikira yafutukuka ngati bowa. Pamenepo siingathenso kutuluka m'bowo mwache. Inu musatero. Thirani mafuta a injini osakaniza ndi parafini madzulo, igone nao usiku wonse. M'mawa bwezerani nati pa nsonga kuti mazinga asaphwanyike, ndipo gogodani pang'ono pang'ono, mukuipotoza ndi sipanala.

Mphanda ikatuluka, musafulumire kuchotsa mabering'i. Yambani mwayesa kuya kwache kumene akhala m'bowo, nimulembe, chifukwa atsopano ayenera kukhala pomwepo. Pambuyo pache lowetsani chitsulo chachitali kuchokera mbali inayo, nimugogode mozungulira m'mphepete mwa bering'i, kuti ituluke yoongoka. Bushi ya mphira ikakana, chotsani mphirayo, nimucheke chikopa chache chachitsulo ndi sowo kuchokera m'kati, mosamala kuti mano asakhudze mphanda. Ikachekeka ifooka yokha. Tsukani bowo ndi parafini, ndi kupala dzimbiri ndi sandipepala wosalala. Popita ku sitolo tengani zakalezo m'manja, pakuti njinga zofanana maonekedwe zisiyana miyeso. Gulani zonse ziwiri pamodzi ndi zotsekera fumbi, ndipo kapaipi kachitsulo ka m'kati kakakhala ndi mizere kapena zipsera za dzimbiri, kasintheninso. Kuika bering'i yatsopano pa kapaipi kodyeka kuli ngati kuthira ufa woyera m'thumba lobooka.

Polowetsa zatsopano, nyundo muibise kutali. Chikopa cha bering'i ya masingano nchopyapyala, ndipo kumenya kumodzi kokha kuipinda, ngakhale maso sangaone. Funani bauti yaitali ya mazinga, manati ndi mawashala akulu, ndi sokoti yochepa pang'ono kuposa bowo. Pakani girisi pang'ono m'bowo, ikani bering'i pakamwa pache, mbali ya malembo iyang'ane kunja, pakuti ndiyo mbali yolimba yoyenera kukankhidwa. Pyozani bauti, ndipo mangani nati pang'ono pang'ono. Mudzaona bering'i irikulowa yokha mwa ulemu. Ikayamba kupendekeka, lekani, masulani, yambaninso. Mukaika mphanda pa dzuwa kuti itenthe, bowo lifutukuka pang'ono ndipo nchito ipepuka. Dzazani masinganowo ndi girisi wosalola madzi, ndipo pakaninso bauti yaitali ija yonse, kuti mwana wanu asadzavutike nayo monga mwavutikira inu.

Za mabushi a mphira pali mau awiri apadera. Mphira sikondana ndi girisi wa mafuta, chifukwa chache polowetsa nyowetsani ndi madzi a sopo. Ndiponso musamange bauti kotheratu gudumu liri m'mwamba. Tsitsani njinga pansi, munthu akhalepo, ndipo pamenepo mangani. Mukapanda kutero mphirayo ikhala yopotoka masiku onse, ning'ambika msanga.

Mutabwezera zonse, kankhaninso mphanda uku ndi uko monga poyamba; isagogode konse. Linganizani gudumu pa zizindikiro za mbali zonse ziwiri, tcheni chilendewere masentimita 2 kapena 3 pa njinga za 125, nimuyese buleki musanatuluke pabwalo. Pakapita sabata imodzi, yesaninso nati ija ndi sipanala. Mwezi wa mawa tidzanena za mashoko.