Mwana wa caka coyamba pa UNZA asasowe womudziwa dzina

Pamene yunivesite ya UNZA inatsegulidwa mu 1966, inayamba ndi ophunzira 312 cabe. Pa ciwerengero cotero, mwana akasowa m'kalasi aphunzitsi anali kuzindikira msanga. Lero ophunzira ali zikwi-zikwi, ndipo adzacurukabe cifukwa kuyambira mu 2022 maphunziro ndi aulere kufikira giredi 12. Funso langa kwa akulu-akulu amene amalemba mapulani a yunivesite ndi ili: mwa ana amene mumalandira, ndi angati amatuluka ndi digiri?

Boma lacitapo mbali yake. Mu 2016 linakhazikitsa bungwe la HELSB lopereka nkhongole za maphunziro, ndipo ndalama za cakudya zimene zinacotsedwa mu 2019 zinabwezedwa mu 2023. Tiyamike, pakuti mimba ya njala siimva phunziro. Koma ndalama zokha sizisunga mwana pa sukulu.

Ganizirani mtsikana wocokera ku Cadiza kapena ku Lundazi. Malo ogona pa yunivesite ndi ocepa, motero acita lendi kacipinda ku Kalingalinga pamodzi ndi anzake. M'kalasi akhala kumbuyo kwa khamu la anthu, mau a aphunzitsi osamveka bwino. Walephera mayeso oyamba, acita manyazi kufunsa, ayamba kujomba. Palibe amene adziwa kufikira zotsatira za kumapeto kwa caka zitatuluka. Pamenepo n'kuti makolo atagulitsa kale ng'ombe.

Ife a Katolika vuto lotere tinalidziwa kale. Maparishi atakula, wansembe mmodzi sanathenso kudziwa nkhosa zake zonse. Ndiye cifukwa cake m'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a AMECEA anagwirizana zakuti akhristu azikumana m'magulu ang'ono-ang'ono a m'midzi ndi m'makomboni. M'kagulu kotere munthu akasowa Masabata awiri, anzake amapita kukagogoda pakhomo pake.

Yunivesite itengereko nzeru imeneyi. Ana a caka coyamba agawidwe m'timagulu tating'ono, kagulu kalikonse kakhale ndi mphunzitsi mmodzi ndi wophunzira wa caka cacitatu kapena cacinai wokayang'anira. Wolephera mayeso oyamba aitanidwe sabata lomwelo, osati kuyembekezera kalata yomucotsa. Zipinda zogona za pa sukulu ziyambe kuperekedwa kwa atsopano ocokera kutali. Ndipo caka ciliconse yunivesite iuze mtundu wa Zambia ciwerengero ca ana amene asiyira panjira, ndi zifukwa zake.

Ena adzati wa ku yunivesite ndi wamkulu, adzionere yekha. Koma aphunzitsi amene acita nchito yowasamalirayi ayenera kungopatsidwa nthawi ndi malipiro ake, ndipo mtengo wake ndi wocepa poyerekeza ndi mwana wobwerera kumudzi ndi nkhongole koma wopanda pepala.

Nanunso makolo, musaleke pa kutumiza ndalama pa foni. Funsani mwana wanu kumene agona, cimene adya, ndi dzina la mphunzitsi amene amudziwa. Akalephera kuchula dzina limenelo, yambani kuda nkhawa.