Tidziwe Zakale: Mchenga Umene Unasanduka Chikho

Tikatsika mapiri a Bembeke kulowera kunyanja timafika ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la Kalonga. Kumeneko Dr Yusuf Juwayeyi anafukula mikanda yagalasi yambirimbiri imene makolo athu anagula kwa amalonda ochokera kunyanja ya mchere. Mikandayo si ya Aroma ayi, komabe Aroma ndiwo angatiphunzitse bwino mmene anthu akale ankapangira galasi.

Zofunika zinali ziwiri, mchenga ndi soda. Mchenga wotchuka unali wa mtsinje wa Belus, pafupi ndi Ptolemais, ndipo soda ankamukumba m'nyanja zouma za Wadi Natrun ku Egypt. M'zaka za pambuyo pake amisiri anatembenukira ku phulusa la zomera, monga achitira amayi athu potcheza chidulo. Zonsezi ankazisungunula m'ng'anjo yotentha madigiri oposa 1,000. Galasilo likazizira ankaliswa zibenthu, nalitumiza pa zombo kwa amisiri a m'mizinda yakutali.

Poyamba chikho chagalasi chinali cha olemera okha, pakuti kuchiumba kunali kochedwa ndi kovuta. Koma cha m'ma 50 B.C., m'dera la Syria ndi Palestine, amisiri anazindikira kuti galasi losungunuka limafufuma munthu akaliuzira mpweya. Mmisiri ankalitapa pansonga ya chitoliro, nauzira, napotoza, ndipo botolo linkatheka m'kamphindi. Ena ankauzira m'chikombole. Mmodzi wa iwo, Ennion, ankaikapo dzina lake m'Chigiriki. Motero mtengo unatsika, kufikira kuti munthu wamba anamwera m'galasi.

Chimene chitichititsa manyazi ndi ichi: Aroma sankataya galasi losweka. M'misewu ya mzinda wao munkayenda anthu osinthanitsa magalasi osweka ndi timitengo toyatsira moto, ndipo zibenthuzo zinkabwerera kung'anjo.

Nanga ife, awerengi okondedwa? Mabotolo osweka ali mbwee m'njira za kumsika ndi m'minda yathu ya kachewere, kumene ana ayenda opanda nsapato. Bala la botolo lingathe kulanda mwana masabata a sukulu, ndi kugoneka mlimi nthawi yopalira. Ng'anjo yosungunulira tilibe pamudzi, koma khasu tili nalo. Botolo lamphumphu tilitsuke, tisungiremo uchi kapena mbewu za ndiwo. Losweka tilitole msanga, tikalikwirire m'dzenje lakuya, kutali ndi munda ndi bwalo losewerera ana.