Tinkagula gemu kapena dzina la filimu?

Amene anakulira ku Chimwemwe, Wusakile kapena Chifubu m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira bwino. Masana ana ankapanikizana m'nyumba zoonetsera vidiyo kuonera Rambo ndi Schwarzenegger, madzulo n'kukaunjikana kwa mnzawo amene bambo ake anamugulira TV game. Kaseti yachikasu ija inkalonjeza magemu 9999, koma ukayatsa, n'kupeza ndi ochepa omwewo ongobwerezedwa. Ana aja lero ndi makolo, ndipo ena akusakasaka magemu akalewo pa foni kapena kwa ogulitsa zamagetsi zakale ku Chisokone ndi ku Masala. Asanapise m'thumba, tifunsane kaye. Kodi magemu otengedwa ku mafilimu aja analidi abwino, kapena chikutikoka ndi ubwana wathu basi?

Ngati dzina la filimu linali lokwanira, n'chifukwa chiyani kampani ya Atari inakakwirira katundu wake kudzala? Mu 1982 filimu ya E.T. inali pakamwa pa aliyense, ndipo mmisiri wa ku Atari, Howard Scott Warshaw, anapatsidwa milungu isanu yokha kuti apange gemu yake, ifike m'masitolo Khirisimasi isanakwane. Osewera ankangogwera m'maenje mpaka kutopa nazo, ambiri n'kubweza katundu. Mu 1983 makaseti osagulidwa, a E.T. ndi ena, anakakwiriridwa ku Alamogordo ku America, ndipo anafukulidwa mu 2014. Wolakwa anali ndani, mmisiri kapena bwana amene anamuthamangitsa?

Nanga GoldenEye 007 inapambana bwanji? Filimu ya James Bond ija inatuluka mu 1995, koma gemu yake ya pa Nintendo 64 inabwera mu 1997, chionetsero chitazizira kale. Kagulu kochepa ka ku kampani ya Rare ku England kanapatsidwa nthawi yokonza zinthu modekha. Anthu anayi ankatha kusakana ndi mfuti pa TV imodzi, aliyense ali ndi kachigawo kake, ndipo makaseti a gemuyi opitirira 8 miliyoni anagulidwa. Filimu itaiwalika, gemu inatha kuima payokha. Kodi muyeso weniweni si umenewu? Chotsani chithunzi cha pa chikuto, muone ngati chotsalacho mungachisewerebe mawa.

Palinso funso limene tili ana sitinaliganizire. Gemu ya The Lion King ya 1994 inali yokongola, koma ndi angati anadutsa gawo lachiwiri, pamene Simba amadumpha pamitu ya akadyamsonga n'kumaponyedwa ndi anyani? Louis Castle wa ku Westwood Studios, kumene inapangidwa, anadzafotokoza kuti Disney inkafuna gemu yovuta dala, kuopa kuti wobwereka kaseti kwa masiku ochepa angaimalize osagula. Ndiye mwana wa ku Kitwe amene ankadziona ngati mbuli polephera gawo lija ankalimbana ndi anyani kapena ndi amalonda? Komanso tisaiwale kuti Aladdin ndi Lion King za pa makaseti achikasu nthawi zambiri zinali zongotsanzira, zopangidwa ndi makampani a ku Asia opanda chilolezo. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikunena kuti zonse zitayidwe. Aladdin ya pa Sega Mega Drive ya 1993, imene ojambula a Disney anathandiza kuijambula, ndi yokoma mpaka lero. Vuto ndi lakuti magemu a mafilimu amasowa msanga, chifukwa chilolezo chikatha, eni filimu ndi eni gemu amayamba kukokanakokana. GoldenEye inadikira mpaka 2023 kuti ipezekenso pa makina atsopano. Chaka chomwecho bungwe la Video Game History Foundation linapeza kuti magemu 87 pa 100 alionse otulutsidwa ku America isanafike 2010 sakugulitsidwanso. Ngati eni ake akulephera kusunga, kodi PlayStation 2 imene ikudya fumbi m'kabati ku Ndola ndi chinyalala? Mukaitaya, mwana wanu adzaionera kuti gemu ya Spider-Man 2 ya 2004?

Funso lalikulu ndi la kwathu konkuno. Mu 2023 Netflix inaonetsa Supa Team 4 ya Malenga Mulendema, nkhani yochitikira mu Lusaka wa m'tsogolo. Nkhani zathu zayamba kufika patali. Tsiku limene wina adzafune gemu yochokera ku filimu ya ku Zambia, kodi adzaitana achinyamata ophunzira za kompyuta pa Copperbelt University? Akadzawaitana, adzawapatsa milungu isanu kapena zaka ziwiri?

Ife tikuti wogula asamalipirire chikuto, ndipo amene ali ndi gemu yabwino yakale aisunge, aiyatse, ana aione. Amene adzaike ndalama zake pa gemu ya kwathu adziwiretu kuti dzina la filimu lidzamugulitsira katundu mwezi woyamba wokha. Miyezi yotsatirayo anthu adzagula ntchito ya mmisiri, ndipo mmisiriyo amafuna nthawi ndi malipiro okwanira.